Ukwati Watha, Banja Layamba

Chaka chilichonse anthu akangomaliza kukolola, makalata oitanira ku ukwati amayamba kuyenda. Kuyambira June mpaka December sipadutsa milungu iwiri osamva chilengezo kutchalitchi chakuti wakuti ndi wakuti akumanga banja. Makomiti amakhala pansi miyezi itatu kapena inayi kukambirana za holo, keke, galimoto ndi zovala za operekeza akwati, zonsezi kukonzekera tsiku limodzi. Ife amene timathandiza pa nkhani za umoyo mumpingo timaitanidwa kukayankhula pa maphwando olangiza mkwatibwi, ndipo kawirikawiri amatipatsa mphindi 10, pakati pa perekaniperekani ndi zakumwa. Mphindi 10 sizikwana. N'chifukwa chake mwezi uno tsamba lathu lonse talipereka kwa inu ongokwatirana kumene, komanso kwa makolo ndi ankhoswe amene mukuwayang'anira.

Akuluakulu amati kuwongola mtengo m'poyamba. Zimene banja lizolowera m'chaka choyamba, kaya ndi kaphikidwe, kagwiritsidwe ntchito ka ndalama kapena kayankhulidwe pakabuka kusamvana, n'zimene zimakhazikika mpaka ana atakula. Ngakhale malamulo a Mose ankachilemekeza chaka chimenechi. Pa Deuteronomo 24:5 timapeza kuti mwamuna wongokwatira kumene sankatumizidwa kunkhondo kwa chaka chathunthu, kuti akhale pakhomo ndi mkazi wake. Masiku ano palibe bwana amene angakupatseni tchuthi cha chaka. Ambiri amapeza mlungu umodzi, akachita mwayi iwiri. Tiyambe ndi mlungu umenewo, kenako tilowe m'nyumba.

Ulendo wa akwati usakhale wa ngongole

Ulendo wokapuma ukwati ukangotha, umene achinyamata amautcha hanimuni, ndi wabwino ndipo timaulimbikitsa. Miyezi yokonzekera ukwati imatopetsa thupi ndi maganizo omwe. Anthu awiri amene akhala akuonana pamaso pa makomiti ndi achibale amafunika masiku angapo oti akhale okha, agone mokwanira, acheze, apemphere limodzi, popanda wogogoda pakhomo.

Vuto limabwera ulendowo ukakonzedwa n'cholinga choti anzathu akaone zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp. Alipo mabanja amene anayamba moyo wawo ndi ngongole ya katapila chifukwa cha masiku anayi a ku hotela yodula. Chiwongoladzanja cha katapila chimakula mwezi ndi mwezi, ndipo mkangano woyamba wa m'nyumba umakhala wa ndalama zimene zinadyedwa kale.

Langizo lathu ndi ili. Ndalama za perekaniperekani muwerenge nonse awiri, ndipo muzilembe m'kope. Patulani gawo la Mulungu monga mwa chizolowezi chanu. Lipirani onse amene anakugwirirani ntchito pa ukwati, ophika, ojambula ndi eni galimoto. Ikani padera ndalama ya lendi ya miyezi iwiri, ya ufa, nyemba ndi sopo. Zimene zatsala ndizo zikuuzeni kumene mungapite ndi masiku amene mungakhaleko. Masiku atatu pamalo ogona alendo aukhondo, mutalipira ndi ndalama zanuzanu, amapumitsa mtima kuposa mlungu wathunthu pamalo apamwamba mukuganizira wokongoza.

Nyanja ili pafupi

Ena amalota za Zanzibar kapena Mauritius, ndipo amene ali nazo ndalama angathe kupita. Koma tisaiwale kuti alendo amachoka ku Ulaya n'kukwera ndege usiku wonse kudzaona mchenga, dzuwa ndi madzi zimene ife timazipeza pa ulendo wa basi. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita pafupifupi 580, ndipo chakumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Mu 1980 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo amtengo wapatali a dziko lonse. Pamiyala ya pa Otter Point ndi pachilumba cha Thumbi munthu amaona mbuna za mitundu yowala zikusambira pafupi ndi mapazi ake.

A ku Lilongwe ali ndi Senga Bay ku Salima. A ku Blantyre ndi ku Zomba ali ndi gombe la Mangochi mpaka ku Monkey Bay. A ku Mzuzu akangotsika mapiri afika ku Nkhata Bay, ndipo Chintheche ili patsogolo pang'ono. Ofuna ulendo wautali angakwere sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, n'kukafika ku Likoma.

Nyengo nayo muziiganizira. Kuyambira May mpaka August kumaomba mphepo ya mwera, ndipo nyanja imene m'mawa inali bata ingathe kuwinduka masana. Musakwere boti lodzaza, ndipo musachite manyazi kufunsa jekete loyandamitsa. Kuyambira September mpaka November kumatentha kwambiri, choncho imwani madzi pafupipafupi ndipo dzuwa likafika paliwombo khalani pamthunzi. Musasambe pafupi ndi bango kapena pamene mtsinje ukuthirira m'nyanja, makamaka madzulo ndi m'mbandakucha, chifukwa ng'ona ndi mvuu zimakonda malo otere. Eni dera amadziwa pamene pali pabwino. Afunseni.

Udzudzu sudziwa kuti ndinu akwati

Ku Cape Maclear kuli manda a amishonale a Livingstonia amene anafika kumeneko mu 1875. Malungo anawavutitsa kwambiri, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Udzudzu umene unathandiza kuwasamutsa udakalipo. Umaluma usiku, kuyambira madzulo mpaka m'mawa. Mukamasungitsa malo ogona funsani ngati bedi lili ndi neti, ndipo ngati mukukayika nyamulani yanu. Mukafika, yang'anani ngati ilibe zibowo. Madzulo mukamacheza panja valani zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo.

Malungo saonekera tsiku lomwelo. Kawirikawiri amayamba patapita masiku 10 mpaka 15 munthu atalumidwa, nthawi imene akwati abwerera kale kunyumba ndipo mutu ukamapweteka amangoti ndi kutopa kwa ukwati. Thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukayezetse magazi. Akakupatsani LA, malizani mapiritsi onse a masiku atatu ngakhale mutayamba kupeza bwino. Ana athu amene amakhala ku Johannesburg, ku London kapena kwina kopanda malungo n'kubwera kudzachitira ukwati kuno asamale kwambiri, chifukwa chitetezo chimene thupi linali nacho ali ana chimachepa munthu akakhalitsa kunja. Aonane ndi dokotala asananyamuke kuti awapatse mankhwala oteteza, ndipo akadwala atabwerera anene msanga kuti anali kunyanja.

Likodzo, matenda amene amabisala

Nkhani iyi tikupempha kuti muiwerenge kawiri. M'madera ambiri a m'mphepete mwa nyanja, makamaka chakummwera, muli nkhono zing'onozing'ono zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboti timatuluka m'nkhono, n'kuboola khungu la munthu amene akusamba kapena kuchapa. Munthu samva kanthu, mwina kuyabwa pang'ono basi. M'thupi timakula n'kukhala tinyongolotsi timene timaikira mazira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo.

Chizindikiro chimene ambiri amachidziwa ndi magazi pomaliza kukodza. Koma si onse amene amaona magazi. Kwa amayi mazirawo angathe kukhazikika m'chiberekero ndi m'njira zake, n'kuyambitsa zilonda, ululu m'munsi mwa mimba, kutaya magazi, ndipo nthawi zina kusabereka. Abambo nawonso likodzo limawagwira m'njira za umuna. Taganizirani banja limene latha zaka zitatu lopanda mwana, apongozi ayamba kunong'ona, mkazi akulozedwa chala, pamene gwero lake ndi matenda amene akanachizika ndi mapiritsi a tsiku limodzi.

Sitikukuletsani kusamba m'nyanja. Sankhani malo a madzi akuya, oyenda, kutali ndi zomera za m'madzi ndi madoko amene anthu ambiri amachapirapo. Mukabwerera, dikirani milungu 6 mpaka 8, kenako pitani nonse awiri kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake, praziquantel, amapha tinyongolotsi tikakula, n'chifukwa chake kumwa tsiku lomwe mwachoka kunyanja sikuthandiza mokwanira. Kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera sikelo ya munthu, choncho musangogula n'kumwa mwachisawawa. Lembani tsikulo pakalendala musanamasule n'komwe zikwama.

Madzi akumwa nawonso musawaiwale. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anakhudzidwa kwambiri. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera bwanji, musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala. Mukathira WaterGuard dikirani mphindi 30. Zipatso muzisenda nokha, chakudya muzidya chotentha, ndipo m'chikwama musasowe sopo ndi mapaketi awiri a Thanzi.

Mbale ndi Sabata muli kuulendo

Kunyanja ndiwo ndi nsomba. Amene mumadya nsomba mukudziwa muyeso wa pa Levitiko 11, wa zipsepse ndi mamba. Chambo, usipa, utaka, mcheni ndi mpasa zili ndi mamba. Kampango ndi mlamba zilibe. Nsomba ikabwera itadulidwa kale m'zidutswa, funsani dzina lake, ndipo funsaninso ngati mafuta okazingira tchipisi sanakazingirepo nyama ina. Amene simudya nyama uzani ophika m'mawa kuti akukonzereni nyemba ndi masamba, chifukwa mukanena nthawi ya chakudya itakwana mudzangodya mpunga ndi kabichi. Wina akakutsatsani kasawala, ana a chambo, musagule. Chambo chachepa m'nyanja, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kugwira nsomba zisanaswane.

Maukwati athu ambiri amachitika tsiku loyamba la mlungu. Mukanyamuka Lolemba, muli ndi masiku anayi Sabata lisanalowe. Gwirizanani kunyumba komwe ngati mudzabwerere Lachisanu m'mawa kapena mudzapembedze komweko. Ngati mukhala, lipirani zonse Lachisanu dzuwa lisanalowe, funsani kumene kuli tchalitchi chapafupi, ndipo ngati mukukwera sitima yang'anani bwino masiku ake oyendera. Sabata loyamba la banja n'losaiwalika, ndipo mmene mudzalisungire lidzakhala chitsanzo cha ena onse.

Mawu apadera kwa nonse awiri

Pali vuto limene akwatibwi ambiri amakumana nalo m'milungu yoyamba koma amachita manyazi kulinena. Kumva kuotcha pokodza, kukodza pafupipafupi ndi kupweteka m'chinena nthawi zambiri ndi matenda a m'chikhodzodzo, amene amabwera tizilombo ta pakhungu tikalowa m'njira ya mkodzo. Sizitanthauza kuti wina wayenda njira yolakwika, choncho musayambe kulozana zala. Kumwa madzi ambiri, kusasunga mkodzo ndi kukataya madzi mukangotha kukhala malo amodzi kumathandiza kupewa. Zikayamba, pitani limodzi kuchipatala mukayezedwe, osati kukagula makapisozi pamsika. Ngati thupi latentha ndipo msana ukupweteka chakumbali, musagone nazo, chifukwa matendawo angakhale atafika ku impso.

Ngati simunayezetse magazi limodzi ukwati usanachitike, chitani tsopano. Kambiranani nthawi imene mukufuna mwana woyamba, ndipo ngati mukufuna kudikira kapezeni uphungu wa kulera kwa anamwino. Amene mukufuna mwana msanga, mayi ayambe kumwa mapiritsi a folic acid asanaime, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'mwezi woyamba, mayi asanadziwe n'komwe kuti ndi woyembekezera. Sikelo muyambe miyezi itatu isanathe, bambo akuperekeza.

Moto wa m'nyumba yatsopano

Tsopano mwabwerera. Mphatso zamasulidwa, mapoto akuwala, ndipo funso loyamba ndi lakuti muziphika bwanji. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Zotsatira zake tikuziona ndi maso. Mapiri amene tili ana anali obiriwira lero ndi miyala yokhayokha. Dothi lokokoloka limakathera mu Shire n'kumasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000, ndipo ku Chilobwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba anthu ali momwemo. Banja limodzi silingabweze nkhalango, koma thumba lililonse la makala limene simunagule ndi mtengo umene watsala chiimire.

Utsi nawo ndi mdani wa m'nyumba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anamwalira ndi matenda obwera chifukwa cha mpweya woipa wa m'nyumba, monga chibayo, matenda a mtima ndi a m'mapapo. Ovutika kwambiri ndi mayi wophika ndi mwana amene ali kumsana kwake. M'buku la The Ministry of Healing la 1905, Ellen White anaika mpweya wabwino poyambirira pa mndandanda wa mankhwala achilengedwe. Phikirani panja kapena pakhonde, ndipo ngati muli ndi khitchini ikhale ndi zenera lotsegula. M'miyezi yozizira ya June ndi July musalowetse mbaula kuchipinda n'kutseka chitseko. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo ndi mtundu umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako umapha anthu ali m'tulo.

Njira zochepetsera nkhuni ndi makala zilipo, ndipo sizodula. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo, imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa ndipo utsi wake ndi wochepa. Nkhuni zikhale zouma, zowaza bwino. Poto azikhala wovundikira. Nyemba, nandolo wouma ndi nzama muziviika m'madzi usiku wonse, ndipo mudzaona kuti zikupsa msanga. Konzani dengu lophikira. Tengani dengu lalikulu, muyalemo nsanza zoyera, bulangeti lakale kapena udzu wouma, musiye malo a poto pakati, ndipo musoke kapilo kotsekera pamwamba. Nyemba zoviika zikawira kwambiri kwa mphindi 20, ziphuleni zili zovundikira, ziikeni m'dengumo, mutseke bwino. Pakatha maola atatu kapena anayi mudzazipeza zitafewa popanda khala lina lililonse. Dengu limeneli ndi lomalizitsira kuphika, si losungiramo chakudya usiku wonse. Chakudya chogona muzichitenthetsa mpaka chiwire. Ngati thumba likulola, sungani pang'onopang'ono mugule kasilinda ka gasi.

Majumbo ndi zinyalala

Ambiri timayatsira mbaula majumbo chifukwa amagwira moto msanga. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni, ndipo woupuma woyamba ndi amene wawerama kukupiza. Gwiritsani ntchito zitsononkho, timitengo touma kapena pepala. Musavundikire mpunga ndi jumbo, ndipo musalole kuti chakudya chotentha akuikireni m'pulasitiki wopyapyala. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, komabe majumbo akadali mbwee m'misika chifukwa ife ogula timawalandira. Amatseka ngalande, madzi n'kuima pakhomo. Mbuzi ndi ng'ombe zikawadya zimafa.

Banja latsopano likhale ndi dengu la kumsika, kapena chikwama chosokedwa ndi chitenje chakale, chopachikidwa kuseri kwa chitseko kuti wotuluka asachiiwale. Mabotolo a galasi ndi zigubu zotsuka bwino n'zosungiramo mchere, nyemba ndi mtedza. Zinyalala muzizipatula pawiri. Zowola, monga makoko a mbatata, a nthochi, masamba ndi phulusa pang'ono, zipite kudzenje la manyowa. Muzithira dothi pang'ono pamwamba kuti ntchentche zisabwere, muziwaza madzi kukauma, muzitembenuza pakapita milungu ingapo, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzakhala ndi manyowa akuda onunkhira dothi. Neti yogonamo isasanduke mpanda wa dimba kapena ukonde wophera nsomba. Ntchito yake ndi imodzi.

Kadimba ndi mtengo wa ukwati

Munthu woyamba anapatsidwa munda kuti aulime ndi kuusamalira, monga tikuwerengera pa Genesis 2:15. Inunso musadikire kukhala ndi puloti yanu. Amene mukuchita lendi tengani matumba akale, mudzazemo dothi losakaniza ndi manyowa, muboole m'mbali, mubzale mpiru, repu, tomato ndi anyezi. Tsiku losamuka mudzanyamula dimba lanu pamodzi ndi mipando. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani ndi kholowa sizifuna mankhwala ambiri, ndipo masamba obiriwira otere amathandiza magazi, chinthu chofunika kwa mayi amene akukonzekera kudzakhala ndi pakati. Musawaphike mpaka kufiira, ndipo soda muchepetse chifukwa amawononga mavitamini.

Madzi otsukira masamba, mpunga ndi otsukuluzira zovala musataye pabwalo. Thirirani m'munsi mwa mbewu, padothi, osati pamasamba. Madzi a sopo wambiri kapena a mankhwala oyeretsera zovala asapite kudimba. Phimbirani dothi ndi udzu kuti chinyezi chikhalitse. Mpopi ukamadontha ukonzeni mlungu womwewo, chifukwa dontho ndi dontho limadzaza ndowa, ndipo bilu imabwera kwa inu.

Tikupemphanso banja lililonse latsopano kuti libzale mtengo wa ukwati. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December mpaka pa 15 April. Papaya amabereka chisanathe chaka kapena kupitirira pang'ono. Mango omezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, nthawi imene mwana woyamba akuyamba kuthamanga. Chamwamba chimamera ngakhale kuchokera ku nthambi yodula, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Amene muli ndi munda siyani nsangu ziime, popeza zimayoyola masamba nthawi ya mvula n'kudyetsa chimanga. Ngati pamene mukukhala si panu, kabzaleni kumudzi kapena pemphani malo kutchalitchi, ndipo mukhale ndi udindo wothirira mpaka mtengowo utagwira.

Mayunitsi a magetsi

Amene muli ndi magetsi, yambani ndi mababu. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola 5 tsiku lililonse limadya mayunitsi 9 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9, lowala mofanana, pa maola omwewo silifika n'komwe yunitsi imodzi ndi theka. Nyumba ya mababu anayi kusiyanako kumaoneka m'thumba. Zimene zimadya magetsi kwambiri ndi zotenthetsa, monga mbaula yamagetsi, ketulo ndi simbi. Wiritsani madzi okhawo amene mukufuna, otsala muike m'fulasiki. Zovala za mlungu wonse muzisite nthawi imodzi, ndipo Lachinayi madzulo ndi nthawi yabwino kuti Lachisanu lisakupanikizeni. Kumene kulibe magetsi, nyale ya sola imaposa koloboyi, amene utsi wake umadetsa mphuno ndi mapapo, komanso kandulo, amene wawotchapo nyumba zambiri.

Ntchito ya anthu awiri

Zonse tanenazi zingathe kusanduka mtolo wa munthu mmodzi ngati simusamala. Pa maphwando olangiza timamva malangizo ambiri opita kwa mkwatibwi, pamene mkwati amangouzidwa kuti azibweretsa ndalama. Mutu umodzi susenza denga. Bambo, kukumba dzenje la manyowa, kuwaza nkhuni, kuthirira dimba, kunyamula dengu la kumsika ndi kuviika nyemba madzulo sikuchotsa ulemu wa munthu. Mayi, bambo akatsuka mbale mosiyana ndi mmene amatsukira amayi anu, musawalande. Amene walandidwa ntchito kawiri sabwereranso kachitatu.

Mudzapeza kuti munaleredwa mosiyana. Wina kwawo ankasiya magetsi akuyaka usiku wonse, wina kwawo ankawerenga machesi. Wina amakonda mchere ndi mafuta ambiri, wina anazolowera zowiritsa ndi nsinjiro. Musanyozane za kwanu. Sankhani madzulo amodzi pa mlungu, foni zili kutali, mutsegule kope lija la ndalama, muone zimene zalowa ndi zimene zatuluka, mugwirizane chinthu chimodzi choti musinthe. Chimodzi chokha. Mwezi uno mababu, mwezi wamawa dengu lophikira, mvula ikagwa mtengo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kwa makolo, ankhoswe ndi amayi a Dorika, pempho lathu ndi lakuti anawa muwapatse mpata. Chaka choyamba si nthawi yowatumizira alamu atatu oti awalipirire sukulu, kapena yowafunsa mwezi uliwonse ngati kuli nkhani yabwino. Pogula mphatso, kumbukirani kuti akwati ambiri amalandira matambula ochuluka kuposa alendo amene adzawachezere. Neti yatsopano, chitetezo mbaula, nyale ya sola, ndowa yovundikira ya madzi akumwa, khasu ndi mbande ya mango ndi mphatso zimene zidzagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ndipo pakatha milungu 6 akwati atabwera kunyanja, nkhoswe mmodzi aimbe foni n'kufunsa ngati apita kale kuchipatala kukanena za likodzo.

Mwezi wamawa tidzakambirana za chakudya cha mayi woyembekezera pogwiritsa ntchito zimene zimapezeka pamsika wapafupi. Mafunso anu pitirizani kupereka kwa atsogoleri a zaumoyo a mpingo wanu. Ambuye adalitse nyumba zatsopano zonse zimene zayatsa moto chaka chino.